Mayi Ethelwynn Trewavas ndi Mayina a Chambo

Pa msika wa nsomba, kaya ndi pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima kaya ndi pa doko la Senga Bay kapena la Chipoka, chambo chili ndi dzina limodzi basi. Chimene chimasiyanitsa mtengo ndi kukula kwa nsombayo ndiponso ngati ili yaiwisi kapena yowamba. Wogula safunsa kuti ndi chambo chanji, ndipo wogulitsa alibe chifukwa chomuuzira. M'chimangirizo chino ndifotokoza mbiri ya Mayi Ethelwynn Trewavas, katswiri wa nsomba wa ku Mangalande, amene anatha zaka zoposa 60 akuwerenga mamba ndi mano a nsomba, ndipo anaonetsa kuti chimene msika umachitcha chambo ndi mitundu ingapo ya nsomba yosiyana khalidwe. Mbiri yawo ndi yofunika kwa ife chifukwa pafupifupi dzina lililonse limene anapereka kwa nsomba za m'nyanja yathu linkakhudza thumba la winawake: boma la atsamunda, makampani a usodzi, alimi a nsomba ndi amalonda a nsomba zokongoletsera m'nyumba. Motero moyo wawo ukutipatsa mpata woona mmene chilungamo cha katswiri wa zachilengedwe chimayendera pamene anthu omuzungulira akuyang'ana phindu.

Mayi Trewavas anabadwa pa 5 Novembala 1900 ku Penzance, m'dera la Cornwall, kummwera chakumadzulo kwa England. Ili ndi dera la asodzi. Pafupi ndi Penzance pali doko la Newlyn, ndipo pa nthawi imene iwo ankakula, usodzi wa nsomba zotchedwa pilchard, umene unadyetsa anthu a m'derali kwa mibadwo yambiri, unali ukulowa pansi. Ife ophunzira zilankhulo dera limeneli timalidziwa pa chifukwa china: ndiko kwawo kwa chilankhulo cha Cornish, ndipo Dolly Pentreath, amene amakumbukiridwa ngati mmodzi wa anthu otsiriza kuchilankhula kuyambira ali mwana, anali mayi wogulitsa nsomba wa ku Mousehole, mudzi woyandikana ndi Penzance. Iye anamwalira mu 1777. Choncho Mayi Trewavas anakulira m'dera limene linali litaonapo kale nsomba zikuchepa ndi mawu akuzimirira.

Anaphunzira ku Reading ndipo analandira digiri ya sayansi mu 1921. Monga zinalili kwa amayi ambiri ophunzira masiku amenewo, ntchito imene inali yotseguka inali ya uphunzitsi, ndipo anaphunzitsa m'sukulu kwa zaka zingapo. Mu 1925 anapeza malo pa King's College ku London, pomwe anayamba kufufuza za mafupa a kukhosi kwa achule. Kenaka anadziwana ndi Charles Tate Regan, katswiri wa nsomba amene anali mkulu wa nthambi ya zachilengedwe ya British Museum, ndipo mu 1928 Regan anawatenga kuti akhale omuthandiza. Awiriwa analemba pamodzi za nsomba za pansi penipeni pa nyanja zamchere, zimene sitima ya ku Denmark yotchedwa Dana inasonkhanitsa. Malo okhazikika pa nyumbayi anawapeza mu 1935, ali ndi zaka pafupifupi 35. Tiyenera kukumbukira kuti kufikira mu 1946, mkazi wogwira ntchito m'boma la Britain ankayenera kusiya ntchito akakwatiwa. Mayi Trewavas sanakwatiwe moyo wawo wonse.

Nyanja ya Malawi anayamba kuidziwa kudzera m'mabotolo. M'zaka za 1925 ndi 1926, dokotala wina wachingelezi, Cuthbert Christy, anasonkhanitsa nsomba zikwizikwi za m'nyanjayi, n'kuziika m'mankhwala ndi kuzitumiza ku London. Christy sanaone zotsatira za ntchito yake chifukwa njati inamupha ku Congo mu 1932. Udindo wosanthula mabotolowo unagwera Mayi Trewavas. Ntchito yake inali yofuna mtima wautali: kuyeza mutu ndi diso, kuwerenga mamba a m'mbali ndi minga ya m'zipsepse, kenaka kutulutsa kafupa ka kukhosi. Nsomba za fuko la Cichlidae, mmene muli chambo, utaka, mbuna, mcheni ndi ndunduma, zili ndi mano ena kukhosi kuwonjezera pa a m'kamwa, ndipo manowo amaulula chakudya cha nsombayo. Yodya nkhono imakhala ndi mano ophwatalala ophwanyira, yodya ndere imakhala ndi timano tating'ono tambirimbiri. Mu 1935 anasindikiza ndandanda wa nsomba za fukoli za m'nyanja ya Nyasa, momwe munali mitundu yoposa 170, kuwirikiza kawiri imene Regan analemba mu 1922. Mayina a mabanja monga Melanochromis, Labidochromis, Petrotilapia, Genyochromis ndi Diplotaxodon anachokera m'ntchito imeneyi. Zonsezi anazichita asanaione nyanjayo, ndipo nsombazo zinali zitasuluka kale mitundu yake m'mankhwala.

Mwayi wobwera ku Nyasaland unapezeka mu 1939, ndipo apa ndi pamene nkhani ya chuma ikulowera. Boma la Britain silinatumize akatswiri kuno chifukwa chokonda kukongola kwa mbuna. M'zaka za m'ma 1930 linayamba kuda nkhawa ndi kadyedwe ka anthu a m'maiko amene linkalamulira, ndipo ku Nyasaland nkhawayo inali ndi maziko ake: amuna ambiri ankapita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni kukagwira ntchito m'minda ndi m'migodi, ndipo munthu wosadya bwino salima thonje, sakumba golide, sakhoma msonkho. Dokotala B. S. Platt anatumizidwa kudzatsogolera kafukufuku wa kadyedwe m'boma la Kota Kota, lomwe lero ndi Nkhotakota, kuyambira mu 1938. Posakhalitsa zinaoneka kuti nkhani ya zakudya zomanga thupi singakambidwe popanda kukamba za nyanja. Choncho panapangidwa kagulu ka anthu atatu kofufuza za nsomba: Mayi Trewavas, Mayi Kate Ricardo amene anali atagwirapo ntchito ku nyanja za Rukwa ndi Bangweulu, ndi H. J. H. Borley, wogwira ntchito m'boma la Nyasaland.

Pa nthawiyo gombe lonse la chigawo chapakati linali likusintha. Njanji inali itafika ku Salima mu 1935, m'masiku amene Salima anali mbali ya boma la Dowa, ndipo katundu wa kunyanja, thonje ngakhalenso nsomba, akanatha kufika ku Blantyre mosavuta kuposa kale. Kummwera kwa nyanja, kufupi ndi Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, abale a banja la Yiannakis ochokera ku Greece anali atayamba usodzi wamalonda, ndipo nsomba zawo zinkapita ku Blantyre, ku Limbe mpaka ku Salisbury. Asodzi achikuda ndi mafumu awo ankadandaula. Choncho akatswiri atatu aja anafika pakati pa zofuna zitatu zosagwirizana: boma lofuna antchito athanzi, amalonda ofuna makoka odzaza, ndi eni nyanja ofuna kuti ndiwo zisawathawe.

Chimene Mayi Trewavas anachita pamenepa ndicho chimandichititsa kuwalemekeza. Kuyambira mu 1864, pamene Albert Günther anafotokoza nsomba zimene John Kirk anatenga pa ulendo wa David Livingstone, mabuku a ku Ulaya ankachidziwa chambo ndi dzina limodzi lakuti squamipinnis. Kwa boma lofuna kudziwa kuti nyanja ingatulutse matani angati pachaka, dzina limodzi linali lokwanira, ndipo palibe akanawadzudzula akanalisiya choncho. Koma asodzi a m'mphepete mwa nyanja anali ndi mayina angapo, monga lidole, saka ndi ching'anga, ndipo ankadziwa kuti nsombazi zimapezeka malo osiyana ndi nyengo zosiyana. Mayi Trewavas anawatenga mayinawo ngati umboni woyenera kuuyesa, osati ngati kusadziwa kwa anthu osaphunzira. Anayeza, anawerenga, ndipo anapeza kuti asodzi ankanena zoona. Mu 1941 analengeza mitundu iwiri yatsopano ya chambo: lidole ndi karongae.

Mayina awiriwa akuyenera kuti tiimepo pang'ono. Dzina la karongae ndi Chilatini chomangidwa pa dzina la malo, kutanthauza kuti ya ku Karonga. Mphatikiram'tsogolo yemweyo ndi amene amaikidwa pa dzina la mkazi amene akupatsidwa ulemu, n'chifukwa chake mbuna imene Geoffrey Fryer anaitchula mu 1956 polemekeza mayiwa ndi Labeotropheus trewavasae, pamene ya mwamuna imathera ndi -i, monga Aristochromis christyi, imene Mayi Trewavas eniake anatchulira Christy. Koma lidole silinapindidwe mwa Chilatini. Linalowa m'mabuku a sayansi monga mmene linatulukira pakamwa pa msodzi. Mphatikiram'mbuyo li- amene ali pa dzinali ndi wa gulu la mayina la Li-Ma, amene m'Chichewa anafota m'mawu ambiri monga khasu ndi tsamba, koma m'Chiyao akadamveka bwino m'mawu monga litala ndi lisimba. Izi zikugwirizana ndi dera limene nsombayi inkagwidwa kwambiri, kummwera kwa nyanja, kumene Chiyao ndi Chinyanja zimakumana pa doko limodzi. Komabe pali kupendekera kumene sitingakubise. Mzungu akalemekezedwa, dzina lake lenileni limakhala pa nsomba mpaka kalekale. Msodzi amene anaphunzitsa katswiri, mawu ake ndiwo amatengedwa, mwiniwake n'kutsala pa mchenga.

Lipoti la kafukufukuyu linatuluka mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo pachikuto pake pali mayina a Angelezi atatu aja. Linavomereza kuti usodzi ukhoza kukula, pakuti ndicho chimene boma linkafuna kumva, koma linapemphanso kuti boma lisausiye m'manja mwa aliyense wokhala ndi ndalama. Linafuna kuti boma liziuyang'anira, lizidziwa kuchuluka kwa nsomba zogwidwa, ndiponso lithandize asodzi achikuda pa kagwiridwe, kasungidwe ndi kagulitsidwe ka nsomba. Chifukwa cha nkhondo, zambiri zinagona m'makabati. Nkhondo itatha, mu 1945, kunabwera mtsikana wa zaka 24, Rosemary Lowe, amene Mayi Trewavas anamuwongolera pa ntchito ndipo anakhala naye pa ubwenzi moyo wawo wonse. Iyeyu anakhala zaka ziwiri akutsata chambo, ndipo anawonjezera saka pa mndandanda, ngakhale kuti akatswiri a pambuyo pake anaona kuti saka ndi karongae ndi mtundu umodzi. Nayenso lamulo la ukwati lija linamupeza: atakwatiwa mu 1953 anasiya ntchito ya boma la atsamunda.

Kodi kusiyanitsa mitundu kumeneku kunali ndi ntchito yanji kwa munthu wofuna ndiwo? Yankho lili pa kaswanidwe. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata angapo. Wogwira chambo chofungatira wagwira mayi ndi ana omwe. Kuwonjezera apo, chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe kuswana, pamene usipa umabadwa, kuswana ndi kufa m'chaka chimodzi chokha. Kafukufuku wa Mayi Lowe anaonetsa kuti mitundu ya chambo siswana nthawi imodzi kapena malo amodzi: ina imayamba mvula isanagwe, ina mkati mwa dzinja, ina kufupi ndi bango, pamene lidole limakonda madzi akuya, kutali ndi gombe. Kutali ndi gombe kumeneko ndi kumene makoka ozinga a makampani ankafika mosavuta. Motero lamulo limodzi lotseka nyanja, lopangidwa ngati kuti chambo n'chimodzi, likhoza kuteteza mtundu wina n'kusiya wina pambalambanda.

Boma linakhazikitsa lamulo la usodzi mu 1949, ndipo Borley uja ndiye anatsogolera nthambi yoona za nyama, nsomba ndi kashembe. Koma m'mabuku owerengera nsomba zogwidwa, m'nthawi ya atsamunda ngakhalenso titalandira ufulu, chambo chinapitiriza kulembedwa pa mzere umodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kalaliki wa pa doko amawerenga madazeni ndi makilogalamu, nsomba zachikazi ndi kasawala wa mitundu imeneyi n'zovuta kusiyanitsa ndi maso, ndipo wogula akudikira. Zotsatira zake ndi zakuti mtundu umodzi ukhoza kutha pamene chiwerengero cha pa mzerewo chikuoneka ngati chatsika pang'ono chabe. Msikanso sungachenjeze. Chambo chikachepa mtengo umakwera, ndipo mtengo ukakwera msodzi amakhala ndi chifukwa chokwanira chogulira injini ndi kuchepetsa maso a ukonde. Sindikumuweruza msodziyo, pakuti ali ndi ana ofuna fizi ndi alovi ofuna malipiro madzulo omwewo. Mabwato okoka makoka pansi pa nyanja anayamba mu 1968. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali pakati pa nsomba zofunika kwambiri pa malonda, inali itayamba kale kusowa, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha m'nyanja ya Malombe chinali chitagwa.

Mayi Trewavas anakwezedwa kukhala wachiwiri kwa mkulu wa nthambi ya zinyama mu 1958, ndipo anapuma pa ntchito mu 1961. Kupumako kunali kwa papepala chabe. Anapitiriza kupita ku nyumba ya mabotolo ija, ndipo mu 1970, ali ndi zaka pafupifupi 70, anapita ku Cameroon kukafufuza nsomba za m'nyanja yaing'ono ya Barombi Mbo. Anzawo ankangowatchula ndi zilembo zoyamba za mayina awo, E.T.

Ntchito yawo yaikulu ya m'zaka zimenezi inawadanitsa ndi anthu ambiri. Pa nthawiyo ulimi wa nsomba zotchedwa Tilapia unali ukufalikira pa dziko lonse, ndipo dzinali linali m'mabuku, m'malamulo ndi m'mapepala a malonda. Mayi Trewavas anaona kuti nsomba zimene zinaunjikidwa pansi pa dzinali sizinali banja limodzi. Zina zimaikira mazira pansi n'kumawalondera, zina zimafungatira m'kamwa. Mu 1973 anasamutsira zofungatira m'kamwa ku banja la Sarotherodon, ndipo pasanathe zaka khumi anapatulanso zimene wofungatira amakhala mayi yekha n'kuziika m'banja la Oreochromis. Buku lawo lalikulu lofotokoza zimenezi, la masamba oposa 500, linatuluka mu 1983 iwo ali ndi zaka pafupifupi 83. Alimi a nsomba ndi akatswiri ena anadandaula kuti dzina la nsomba imodzi lasintha kawiri, ndipo kudandaula kwawo kunali komveka, chifukwa kusintha dzina kumadya ndalama ndi nthawi. Koma mayiwa anatsata zimene anaona, ndipo lero chambo ndi makumba athu onse ali m'banja la Oreochromis. Chochititsa chidwi n'chakuti yunivesite ya Stirling ku Scotland, yodziwika ndi maphunziro a ulimi wa nsomba, ndiyo inawapatsa digiri yaulemu mu 1986.

Kusanja kumeneku kuli ndi tanthauzo lenileni kwa ife. Nsomba imene alimi ambiri pa dziko amaikonda chifukwa imakula msanga, Oreochromis niloticus ya ku mtsinje wa Nile, ili m'banja limodzi ndi chambo ndi makumba, ndipo ikhoza kuswana ndi abale ake n'kusokoneza mitundu ya kuno. N'chifukwa chake malamulo a Malawi akhala akuletsa kuweta nsomba zachilendo m'dera limene madzi ake amathira m'nyanja, ngakhale alimi ena amadandaula kuti anzawo a ku Zambia akupeza phindu ndi nsomba yomweyo. Mu 2013 akatswiri analengeza kuti nsombayi yapezeka kale m'dera la nyanjayi kumbali ya Tanzania.

Ku Salima kunalinso msika wina umene unkaona mayina mosiyana kotheratu ndi msika wa ndiwo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant ankagwira mbuna ndi nsomba zina zokongola, n'kuzitumiza zamoyo pa ndege ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuchokera pa Kambiri Point, kufupi ndi Senga Bay. Pa malonda amenewa dzina ndiye ndalama. Munthu wa ku Germany woweta nsomba m'galasi amalipira zambiri akamva kuti nsombayo ndi mtundu watsopano wa pa chilumba chakutichakuti, ndipo nsomba zambiri zinkagulitsidwa ndi mayina a malonda akatswiri asanazifufuze n'komwe. Apa yesero la katswiri ndi losiyana ndi lija la pa chambo: msika wa ndiwo umafuna kuti mitundu iphatikizidwe, msika wa zokongoletsa umafuna kuti igawidwe mopitirira. Buku lotsiriza la Mayi Trewavas lokhudza nyanja yathu, limene analemba ndi David Eccles amene anagwira ntchito ya kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay kwa zaka zambiri, linatuluka mu 1989. Linasindikizidwa ndi kampani yaing'ono ya ku Herten ku Germany yotchedwa Lake Fish Movies, yotumikira oweta nsomba zokongolazi, osati ndi boma lililonse. M'bukumo anakhazikitsa mabanja atsopano ambiri, kuphatikizapo Copadichromis, mmene muli utaka. Mwa kuona kwanga, palibe cholakwika kuti ndalama za anthu okonda nsomba zisindikize buku la sayansi, malinga ngati muyeso wa mamba ndi mano ukhala womwewo, ndipo mayina ambiri a m'bukuli akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Chodandaulitsa n'chakuti buku lofotokoza nsomba za Amalawi linali losavuta kulipeza ku Ulaya kusiyana ndi kuno.

Dzina lina la mu 1935 lija linadzagwira ntchito m'njira imene mwiniwake sakanailota. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 panabuka maganizo akuti m'nyanja ya Malawi muikidwe kapenta wa ku nyanja ya Tanganyika. Mfundo yake inali yachuma ndipo inali yokopa: kapenta anaikidwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968 ndipo anabala usodzi waukulu, ndiye bwanji osamuika kuno kuti adye mphutsi za nkhungu zimene zinkaoneka ngati zikungowonongeka pakati pa nyanja? Eccles anali mmodzi wa amene anatsutsa. Chitsanzo chowopsa chinalipo ku nyanja ya Victoria, kumene nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch, yoikidwamo m'zaka za m'ma 1950, inabweretsa mafakitale ndi ndalama zakunja koma inathandiza kuti mitundu yambirimbiri ya nsomba za kumeneko izimirire. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kafukufuku wothandizidwa ndi Britain ndi SADC, amene likulu lake linali ku Senga Bay ndipo ankayenda pa sitima yotchedwa Usipa, anaonetsa kuti pakati pa nyanja si pachabe. Pali usipa, mcheni ndi ndunduma zochuluka, ndipo ndunduma ndi Diplotaxodon yemwe uja amene Mayi Trewavas anamulemba kuchokera m'botolo la Christy. Kapenta sanaikidwe.

Pali mbali imodzi imene ntchito ya mayiwa ndi anzawo inaperewera, ndipo umboni wake uli ku Salima komweko. Kafukufuku wa 1939 anamvera asodzi pa nkhani ya mayina, koma pa nkhani ya ulamuliro anayang'ana ku Zomba. Njira yotetezera nsomba inaganiziridwa ngati ntchito ya boma, ya malaisensi ndi maofesala. Koma pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira ya ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950 pakhala malamulo a mfumu ndi anthu ake. Usodzi umatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, mowa, njuga ndi chamba n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amachotsedwa. Lamulo loletsa akazi kufika pachilumbachi ndi nkhani imene ena a ife tingatsutsane nayo, ndipo n'zoseketsa kuganiza kuti Mayi Trewavas, ndi ukatswiri wawo wonse, sakanaloledwa kupondapo. Komabe kafukufuku amene yunivesite ya Mzuzu inachita pamodzi ndi ya Strathclyde kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anapeza kuti nsomba za ku Mbenji zinali zokulirapo poyerekeza ndi za m'madera oyandikana nawo. Anthu a ku Mbenji sanafunikire Chilatini kuti asunge utaka wawo. Boma linadzayamba kugawana mphamvu ndi asodzi kudzera m'makomiti a pa doko mu 1993 ku Malombe, chambo chitagwa kale, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linatsimikizira njira imeneyi.

Chaka chomwecho cha 1993, pa 16 Ogasiti, Mayi Trewavas anamwalira ku Reading ali ndi zaka 92. Akatswiri lero amayerekeza kuti m'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba pakati pa 800 ndi 1,000, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse, ndipo yochuluka ikudikirabe mayina. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linaunika mitundu 458 ya m'nyanjayi ndipo linaika squamipinnis, karongae ndi lidole pa gawo la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Linatha kuunika mtundu uliwonse pawokha chifukwa cha ntchito ya mu 1941 ija. Pa mitundu itatuyi, lidole ndilo lili pa vuto lalikulu: papita zaka zambiri akatswiri asanalione m'makoka, ndipo ena akuopa kuti linatha. Nsomba zimene Mayi Trewavas anayeza potchula dzinali zikusungidwa m'mabotolo ku Natural History Museum ku London, ndipo wophunzira wa ku Malawi wofuna kuziona ayenera kupeza viza ndi tikiti ya ndege.